Mapesi a Amayi Aang'ono

Kwathu ku Misuku mtengwa saonana maso ndi maso ndi apongozi ake aamuna. Atsikana a masiku ano amauseka mwambowu, koma ine ndinakwatiwa pakhomo pa mkulu wa kale, ndipo ndinausunga zaka zonse zimene apongozi angawo anali ndi moyo. Ndikamva kugunda kwa ndodo yawo m'njira ndinkapatuka, n'kugwada kuseri kwa nthochi, nkhope itayang'ana kumbali, mpaka atadutsa. Akafuna kundiuza kanthu ankatuma mwana wawo, mwamuna wanga, kapena ankalankhula ngati akulankhula ndi mtengo, ine ndikumvera chapatali. Nkhope yawo sindinkaidziwa bwino. Chimene ndinkachidziwa ndi mapazi awo.

Nsapato ankavala Lamulungu lokha, ndiponso ankazinyamula m'manja mpaka pakhomo pa tchalitchi. Chala chachikulu cha phazi lawo lamanzere chinali chokhotera kunja, akuti chinathyoka ali mnyamata, choncho pamene aponda panalibe kufunsa kuti wadutsa ndani. Tsiku lililonse dzuwa likafika pamutu ankatsika kuchokera kunyumba kwawo kumtunda kudzayendera minda ya ana awo. Madzulo ndikapita kumunda ndinkawerenga m'dothi. Apa anaima nthawi, chifukwa mapazi alowa. Apa anawerama. Apa anabaya ndodo kuti aone chinyezi. Mawu oyamikira sindinawamvepo kuchokera pakamwa pawo, koma mapazi akachuluka m'munda mwanga ndinkagona ndili wokhuta.

Mapaziwo ankaoneka bwino chifukwa munda wanga ndinkausesa. Mayi anga anandilera ndi mawu akuti munda ndi nkhope ya mkazi, ndipo zinyalala ndi nyumba ya njoka ndi chiswe. Tikakolola ndinkasonkhanitsa mapesi onse n'kuwatentha. M'munda wa khofi ndinkalowa ndi tsache, lomwe lija ndinkasesera bwalo la tchalitchi Loweruka lililonse pamodzi ndi amayi anzanga. Tsamba likagwa silinkagona pansi masiku awiri. Dothi lofiira linkakhala poyera, losalala, mizere ya tsache ikuoneka. Anthu odutsa ankaima n'kunena kuti munda uwu munthu akhoza kudyeramo atakhala pansi. Ine ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti Mulungu wathu, amene sakonda chisokonezo, amakondwera ndi munda wotere.

Kenaka kunabwera mkazi wa mlamu wanga. Mng'ono wa mwamuna wanga anakagwira ntchito kwa kanthawi kufupi ndi malire a Tanzania, ndipo anabwerako ndi mwana wa wapolisi wina wochokera kumwera. Potsatira ana athu, ine ndinkamutchula amayi aang'ono, iye ankanditchula amayi aakulu. Chichewa chake chinali chobadwa nacho, chofewa, pamene changa ndi cha kusukulu, chosakanikirana ndi mawu akwathu. Chilankhulo chathu ankangodziwako moni ndi kuthokoza. Tsiku loyamba lenilenilo anatunga madzi m'chikho, n'kupita kukagwada pamaso pa apongozi, n'kuwayang'ana kumaso, akumwetulira. Amayi amene tinali pamenepo tinabisa nkhope m'zitenje. Apongozi anaseka mpaka kukhosomola, nanena kuti mlendo saswa mwambo umene sakuudziwa, musiyeni. Ndipo anamusiyadi. Kuchokera tsiku limenelo iye ankacheza nawo pakhonde ngati bambo ake omubala, ine ndikupitiriza kugwada kuseri kwa nthochi. Ndinadziuza kuti gawo langa ndilo labwino, chifukwa ndi la ulemu. Koma kanthu kena kanakhala pansi mumtima mwanga tsiku limenelo, ndipo sikanadzukenso.

Chaka chotsatira apongozi anafesa nazale yawo yomaliza. Mbewu anasankha okha m'mitengo yakale ya khofi imene anabzala asanabadwe amuna athu, ndipo mbandezo anazilera pafupi ndi kasupe, pansi pa kadenga ka udzu, akuthirira ndi chitini chobooledwa ndi msomali. Maso anali atayamba kuwavuta, ndipo anadziwa kuti sadzafesanso. Mvula itakhazikika anaitana ana awo awiri, nagawa mbande pakati, imodzi uku imodzi uku, kuti pasakhale wodandaula. Malo anatipatsa pa chitunda chimodzi choyang'ana kolowera dzuwa, wanga kumunsi, wa amayi aang'ono kumtunda, pakati pathu kanjira basi. Mwamuna wanga anabwera ndi uthenga madzulo. Anati bambo anena kuti khofi ameneyu ndiye dzina lawo, ndipo akapyola chilimwe choyamba ali moyo ndiye kuti wakhala, adzadyetsa zidzukulu. Amuna athu ankakhala m'maulendo a maganyu ocheka matabwa, choncho aliyense anadziwa kuti mbandezo zili m'manja mwa akazi awiri.

Tinabzala sabata imodzi. Miyezi ya mvula minda iwiriyo inali ngati mapasa, ndipo mapazi a apongozi ankalowa mwanga, kuyendera mzere uliwonse, kenaka n'kuwoloka kanjira. Kusiyana kunayamba titakolola chimanga. Ine ndinatentha mapesi anga monga mwa nthawi zonse. Amayi aang'ono anayamba kukoka awo pamutu, mtolo ndi mtolo, kuchokera kumunda wa chimanga, n'kumawayala pakati pa mbande. Anawonjezerapo makoko a nyemba, masamba ouma a nthochi, ngakhale udzu wakale umene unafoleredwa pakhola la mbuzi. Pakutha pa milungu itatu dothi la munda wake silinkaonekanso. Mudzi wonse unaseka, ndipo ine ndinaseka kuposa onse.

"Amayi aang'ono," ndinamufunsa tsiku lina titakumana pakanjira, "kodi dzala la kunyumba mwalisamutsira kumunda?"

"Ndikufunditsa nthaka, amayi aakulu. Dzuwa likubwera."

"Kuno ndi ku Misuku. Kuno anthu amagona ndi mabulangete awiri. Dzuwa munalisiya kwanu."

Iye analoza ndi chibwano kunkhalango imene ili pamwamba pa phiri. "Kozizira ndi uko. Pano mitengo munadula kale."

Ananena zoona. Ndili mtsikana chitunda chimenecho chinali ndi mitengo ikuluikulu, ndipo dzuwa linkafika pansi litaphwanyikaphwanyika, timadontho tokhatokha pa masamba owola. Anthu atachuluka tinadula, tinalima, ndipo dzuwa linapeza njira yofikira pa dothi lathunthu, kuyambira m'mawa mpaka kulowa. Ndinkadziwa zimenezi monga munthu adziwira kuti wakalamba, osaziganizira.

Mwezi wa Seputembala unatha, Okutobala analowa. Kumidzi ya kumunsi anthu anali kutentha visoso, ndiko kudula nthambi, kuziunjika ndi kuziotcha kuti adzafese mawere paphulusa. Utsi unadzaza zigwa, ndipo dzuwa la madzulo linkafiira moti munthu ankatha kuliyang'ana osaphethira. Nyali yathu ya sola sinkadzaza bwino masiku amenewo. Ndinadzitonthoza kuti utsiwo ukhala ngati chophimba cha mbande zanga. Koma masana dzuwa linkaboola utsi n'kugwera pa dothi langa losesa, ndipo dothilo linkalimeza lonse. Pofika chakumasana munkaoneka ngati mpweya ukuvina pamwamba pa mizere. Madzulo, dzuwa litapita, nthaka inkabwezabe kutentha ngati phale lochotsedwa pamoto. Munda wa amayi aang'ono unkachita zina. Mapesi ouma aja anayera mbuu, ndipo kuwala kunkagwerapo n'kubwerera m'mwamba, mpaka kuthobwa m'maso ukayang'anitsitsa. Dzuwa linali limodzi, chitunda chimodzi, koma kwa ine linkalowa pansi, kwa iye linkagogoda n'kubwerera.

Ndinayamba kuona m'mapazi. Poyamba apongozi analeka kuyendera mizere yonse, ankangolowa iwiri itatu. Kenaka mapazi anayamba kutalikirana, ngati a munthu wofulumira. Kenaka zidendene zinasowa, panatsala zala zokha, chala chokhota chija chikukanda dothi. Tsiku lina madzulo ndinayenda munda wonse osapeza phazi ngakhale limodzi, kupatula m'mphepete mwa kanjira. Ndinaganiza kuti adwala. Ndinafunsa mwamuna wanga, anati bambo ali bwinobwino, atsika ngati masiku onse.

Mawa lake ndinabisala m'nthochi za kumalire dzuwa lili pamutu. Ndinawaona akutsika ndi ndodo yawo. Atafika pa munda wanga anaika phazi limodzi pa dothi, n'kulichotsa msanga, ngati mwana wokhudza mphika. Anayang'ana mbande zanga ali m'mphepete, zina zitagwetsa masamba ngati makutu a mbuzi yodwala, napukusa mutu. Kenaka anawoloka kanjira. M'munda wa amayi aang'ono anayenda mosafulumira, mapesi akulira pansi pa mapazi awo. Anaima, nalowetsa zala za kumapazi pansi pa mapesiwo, nakhala choncho nthawi yaitali, maso atatsinzina. Amayi aang'ono anabwera ndi madzi m'botolo, ndipo awiriwo anakhala pansi pamenepo, pa zinyalala, akucheza ndi kuseka. Ndinamva apongozi akunena m'Chichewa chawo chothyokathyoka kuti mwana uyu wabweretsa nkhalango m'munda.

Atachoka onse ndinatuluka m'nthochi. Ndinaika chikhatho pa dothi langa, ndipo sindinathe kuchisunga pamenepo kufikira nditatha pemphero la Ambuye. Ndinawoloka kanjira, n'kupisa dzanja pansi pa mapesi ake. Kunali kozizira ngati m'mbiya ya madzi. Dothi linali lakuda, lonyowa pang'ono, linkagwirana ndikalifinya, ndipo nyongolotsi inadutsa pakati pa zala zanga. Mbande zake zinaima chilili, masamba akunyezimira.

Munthu wanzeru akanapita kukamweta udzu tsiku lomwelo. Ndinadziwa chochita, palibe chimene chinabisika kwa ine. Koma mapesi anga ndinali nditatentha, ndipo kuti ndiyale udzu m'munda mwanga kunali kuvomera pamaso pa mudzi wonse kuti tsache langa la zaka zonsezo linali kulakwa, ndipo mlendo wa dzulo, wosadziwa ngakhale kupatuka m'njira, ndiye wolondola. M'malo mwake ndinayamba kutunga madzi kukasupe, ndowa ndi ndowa, m'mawa ndi madzulo. Madziwo dothi linkawamwa, dzuwa n'kuwatenga lisanapendeke, pamwamba n'kutsala chikhakha cholimba chong'ambikang'ambika.

Ndinkapemphera, ndipo ndiyenera kunena zimene ndinkapempha. Sindinapemphe mvula. Ndinapempha chiswe. Ndinkakumbutsa Mulungu kuti mayi anga sananame, kuti zinyalala zimaitana chiswe, ndipo Iye aonetse choonadi. Chiswe chinabweradi, chinadya mapesi pansi pansi, koma mbande sichinazikhudze, ndipo amayi aang'ono anangowonjezera masamba a nthochi pamwamba. Lachinayi lina pa msonkhano wa amayi inali nthawi yanga yophunzitsa, ndipo ndime imene inagwera ine inali ya abale awiri oyamba aja, wolima ndi woweta, mmodzi nsembe yake inalandiridwa, winayo nkhope yake inagwa. Ndinaphunzitsa bwino. Ndinawachenjeza amayi za tchimo limene limabisala pakhomo ngati chilombo. Amayi aang'ono anakhala kutsogolo, akugwedeza mutu, ndipo potuluka anandigwira dzanja nati mawu amukhudza. Ine ndinkayang'ana zala zake, zakuda ndi dothi lozizira lija, ndipo ndinazida.

Sabata yotsatira kunagwa maliro a wachibale ku Kaseye. Mlamu wanga ndi mkazi wake anapita, kukagona masiku awiri. Ine ndinatsala chifukwa cha mbuzi ndi ana.

Pa ngodya ya munda wanga, pafupi ndi kanjira, panali mulu wa masamba ndi udzu wouma umene ndinasesa. Aliyense wobadwira kwathu amadziwa kuti mwezi umenewo mphepo ya masana imakwera kuchokera kuchigwa kupita kumtunda. Amadziwanso kuti zinyalala amatentha m'mamawa mame asanaume, ndiponso amayamba walambula ndi khasu kuzungulira mulu. Ine ndinadikira mpaka mthunzi wanga unalowa pansi pa mapazi anga. Sindinalambule. Ndinakhwatcha machesi ndikudziuza kuti sindikuyatsa munda wa munthu, ndikuyatsa zinyalala zanga, m'munda mwanga, monga ndachitira chaka chilichonse. Mawu amenewa ndinawakonza bwino, ndipo ndinali wokonzeka kuwanena ngakhale pamaso pa akulu a mpingo.

Moto unadumpha kanjira ngati mbuzi. Masana moto suoneka bwino, umangomva kuthetheka ndi kuona mapesi oyera akusanduka akuda, mzere ndi mzere, kukwera chitunda. Ndinaima. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yotani, koma inali yokwanira. Kenaka ndinathyola nthambi, ndinakuwa, anthu anathamanga kuchokera m'minda yawo, tinamenya moto kumtunda usanafike kunyumba. Onse anati ndi ngozi, moto wa chilimwe ulibe mwini. Mayi wina anandipukuta mwaye kumaso, nandiuza kuti ndisalire, ndachita zimene ndikanatha.

Munda wa amayi aang'ono unatsala wakuda bii. Mbande zinaima m'phulusa ngati timitengo ta machesi, masamba atapiringizika, ofiirira. Ndipo ndinaona chinthu chimene sindinachiganizire: phulusa lakuda limameza dzuwa koposa dothi langa lofiira. Mawa lake chakumasana munda umenewo unkatentha moti mpweya wake unkafika kumaso ndili pa kanjira. Chimene moto unasiya, dzuwa linali kudzamaliza.

Dzuwa litafika pamutu ndinamva ndodo. Ndinathamangira m'nthochi n'kugwada. Apongozi anaima pa kanjira nthawi yaitali. Kenaka analowa m'phulusa lija opanda nsapato, ndipo sanafulumire. Anayenda mzere woyamba mpaka kumapeto, akuwerama pa mbande iliyonse, nabwerera ndi wachiwiri, ndi wachitatu, mpaka munda wonse. Ndinkafuna kukuwa kuti tulukani, mupsa, koma mtengwa sakuwira apongozi. Atamaliza anadzaima pafupi ndi nthochi zimene ndinabisalamo, atandifulatira, nalankhula ndi ndodo yawo m'chilankhulo chathu.

"Ndodo iwe, mphepo ya masana imachokera kuti mwezi uno? Mlendo akhoza kusadziwa. Wobadwira pano amadziwa."

Ine ndinagwira thunthu la nthochi, madzi ake akundiyenderera m'mikono.

"Ndinagawa mofanana," anatero. "Imodzi uku, imodzi uku."

Anakwera kumtunda pang'onopang'ono. Madzulo ndinapita kukaona, ndipo m'phulusa monse munali mapazi awo, ooneka bwino kuposa mmene anaonekerapo m'munda mwanga, chala chokhota chija pa mzere uliwonse. Mwamuna wanga anandiuza kuti mapazi a bambo atuluka matuza, akuwapaka mafuta, ndipo sakunena chimene chachitika. Sanatsikenso kumunda mwezi wonsewo.

Amayi aang'ono atabwera ku maliro anapita kumunda asanavule nsalu ya paulendo. Ndinamuona ndili kwanga. Sanalire. Anagwada pa mbande imodzi, nakanda khungwa ndi chikhadabo pafupi ndi nthaka, napita pa ina, ndi ina. Atandiona anangonena kuti zina zikadali zobiriwira m'munsi, zikhoza kuphuka ngati dzuwa silizipha mvula isanabwere, koma alibenso chofunditsira, mapesi onse a m'mudzi anapsa kale. Anandithokoza chifukwa chothandiza kuzimitsa moto.

Lamulungu limenelo kunali mgonero. Mbale itafika pa ine ndinaiyang'ana, n'kuipereka kwa mnzanga osatenga. Zaka zonse chibatizidwire sindinachitepo zimenezo, ndipo ndinaona amayi akuyang'anana. Sikuti ndinali nditalapa. Ndinkangoopa. Ndinakumbukira chiphunzitso chija chakuti ukafika ndi mphatso paguwa n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, uisiye pomwepo, uyambe wapita kwa iye. Ndinayesa kukambirana ndi Mulungu kuti m'bale wangayo sakudziwa kuti ali nane chifukwa. Mulungu sanayankhe, ndipo kusayankha kwake ndinakumva bwino.

Lolemba m'mamawa ndinatenga chikwakwa ndi nkhata, ndinakwera kumphepete kwa nkhalango kumene moto sunafike, n'kuyamba kumweta udzu. Ndi ulendo wa ola lathunthu kupita, ndipo pobwera umatsika ndi mtolo pamutu m'njira zotsetsereka. Tsiku loyamba ndinatsitsa mitolo inayi, ndipo inangokwana mizere iwiri. Ndinaiyala m'munda wa amayi aang'ono, mochindikala, ndikusiya kampata kuzungulira tsinde monga ndinaonera iye akuchita. Anthu amene ankayamikira tsache langa anaima pa kanjira akundiyang'ana ndikuyala zinyalala. Wina anafunsa ngati ndalowa chipembedzo cha kumwera. Ndinapitiriza kuyala.

Tsiku lachitatu amayi aang'ono anandipeza ndikumasula mtolo.

"Amayi aakulu, zanu zikufota. Yambani ndi zanu."

"Ndiyamba ndi zanu."

"Chifukwa?"

Ndinali nditakonza mawu ambiri usiku, koma anatuluka ochepa. "Sindinalambule. Ndinadikira masana. Ndinkadziwa."

Iye anatola udzu pang'ono, nauyala pa mbande imene inali pafupi. "Ndinadziwa tsiku lomwe ndinafika," anatero. "Ndine mlendo, koma ndimayanika zovala. Mphepo ya pano ndikuidziwa."

Ndinadikira kuti andinyoze. Ndinkalakalaka atandinyoza, atandikokera kwa akulu a mpingo, kuti tifanane pang'ono. Koma iye anangonena kuti udzu wa kunkhalango ndi wabwino kuposa mapesi, suuluka ndi mphepo. Kenaka anatenga chikwanje, napita kunthochi za kuseri kwa nyumba yake, nayamba kudula masamba ouma ndi kuwakokera m'munda mwanga. Ndikunena zoona pamaso pa Mulungu, pamenepo nsanje yanga inakula kuposa kale. Poyamba ndinkamuchitira kaduka chifukwa cha dothi lozizira. Tsopano anali ndi chinanso chimene ine ndinalibe, ndipo chimenechi sichimwetedwa kunkhalango.

Tinagwira ntchito milungu itatu, ine ndikufunditsa wake, iye akufunditsa wanga, osalankhulana zambiri. Khosi langa linauma moti ndinkatembenuka thupi lonse munthu akandiitana. Masana ndinkapisa dzanja pansi pa udzu, ndipo tsiku ndi tsiku kutentha kunkachepa, ngakhale pamwamba dzuwa linali lomwe lija. Mvula inachedwa chaka chimenecho, inabwera kumapeto kwa Novembala. Patapita masabata awiri timphukira tinayamba kutuluka m'munsi mwa mbande zopsa zija, tiwiri titatu pa tsinde. Zoposa theka zinadzuka. M'munda mwanga, umene moto sunalowemo, zinapulumuka zochepa kuposa pamenepo, chifukwa mizu inali itaphikidwa kale m'dothi losesa. Ndinawerenga kawiri, ndikuyembekeza kuti ndalakwitsa.

Apongozi anayambanso kutsika mapazi atapola, koma mphamvu zinali zitachepa, ndipo anamwalira khofiyo asanabereke koyamba. Nkhani ya moto sanaiuze munthu, ngakhale ana awo. Nsapato zawo za Lamulungu anaikidwa nazo.

Khofi wa dzina lawo alipo mpaka lero, wa amayi aang'ono wochuluka, wanga wa mipata mipata, imene ndinabwezeramo mbande zogula ndi nthochi za mthunzi. Tsache sililowanso m'munda mwanga. Mapesi sinditentha, ndipo atsikana okwatiwa kumene akabwera kudzafunsa chifukwa chake dothi langa silitentha mu Okutobala ndimawauza kuti akafunse amayi aang'ono, ngakhale mawu amenewo amandiwawabe potuluka. Mgonero ndinayambanso kudya, osati chifukwa chilombo chija chinachoka pakhomo, koma chifukwa ndinaphunzira kuchitchula dzina ndikamapemphera.

Chimene chimandivutabe ndi chimodzi. Kuyambira pamene tinafunditsa munda wanga, sindinathenso kuwerenga dothi. Udzu susunga mapazi. Miyezi yomaliza ija ndinkamva ndodo ikutsika, ndinkapatuka monga mwa mwambo, koma madzulo panalibe chondiuza ngati analowa mwanga kapena anangodutsa pa kanjira. Chaka chatha, tikuthyola khofi, ndinafunsa amayi aang'ono, ndikuyang'ana m'dengu. Iye anati ankalowa, kawirikawiri, ndipo ankaima pakati penipeni atalowetsa zala pansi pa udzu. Anayankha msanga kwambiri. Ndi munthu wachifundo, ndipo anthu achifundo amatha kunena zotere. Iye anawaona nkhope, anamva kuseka kwawo, akudziwa kumene ankaima. Ine ndinali ndi mapazi okha, ndipo ndinawafunditsa ndekha.